Za Umoyo Wathu: Miyendo yonenepa yowawa ndi kasamalidwe kake pambuyo pa opaleshoni

Mwezi watha ku cipatala kumene ndigwira nchito kunabwera azimai awiri apacibale. Wamkulu, wa zaka ngati 40, amalongedza katundu pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, ca ku mseu wa Mungwi, ndipo amakhala ciimirire kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Wamng'ono amagwira nchito ku Johannesburg, ndipo ameneyu ndiye anali wodwala tsiku limenelo. Anali atacitidwa opaleshoni yocotsa mafuta m'miyendo konko ku South Africa, ndipo patapita masabata awiri anabwera kudzacirira kwa mkulu wake kuno ku Lusaka, pakuti kumene akhala kulibe womuphikira kapena womucapira.

Titabvula cobvala cothina cimene anamupatsa ku cipatala, ndinapeza thuza lalikulu pa nchafu, longa la mwana wopsa ndi phala. Nditafunsa, mkuluyo sanabise. Anati: "Ndine ndinamuthowa ndi madzi otentha, adokotala. Miyendo yaumiratu ngati mtengo, ndiye ndinati magazi asungunuke, monga ticitira ndi mai wongobereka kumene." Mng'onoyo anati iye sanamve kutentha kulikonse. Sananame ai. Khungu la pamalo pamene pacitidwa opaleshoni yotere limacita dzanzi kwa masabata ambiri, motero munthu angapse iye osadziwa.

Pamene ndinali kumanga cilondaco, ndinayang'ananso miyendo ya mkuluyo. Kumtunda thupi lake linali laling'ono ndithu, koma kucokera m'ciuno mpaka mu akakolo miyendo yonse iwiri inali ngati mitondo, pamene mapazi anali ang'onoang'ono. Ataona kuti ndikuyang'ana anaseka, nati: "Imeneyi ndi miyendo ya kwathu. Amai athu analinso tero, ambuye athu cimodzimodzi." Ndinamufunsa ngati imawawa. Apo kuseka kunatha. Anati mwana akangomukhala pamiyendo amamva ngati aponderezedwa ndi njerwa.

Sabata ino tikambirane za matenda amenewa, za opaleshoni yake, makamaka za cisamaliro cimene cifunika panyumba. Ndidziwa kuti owerenga ambiri sadzacitidwa opaleshoni yotere, cifukwa ndi yodula. Musatseke nyuzi msanga. Cisamaliro cimene ndifotokoze ndi comweco cimene cithandiza aliyense wa mwendo wotupa.

Kodi lipedema ndi ciani?

Matendawa amachedwa lipedema. Madokotala awiri, Edgar Allen ndi Edgar Hines a ku cipatala ca Mayo Clinic ku America, ndiwo anayamba kuwalongosola mu 1940, koma kwa zaka zambiri anaiwalika. Ife pamene tinali pa kosi, ine sindikumbuka kumva dzinali. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawapatsa malo aoao m'buku lake latsopano la maina a matenda, limene linayamba kugwira nchito mu 2022.

Ndi mafuta amene amaunjikana molakwika m'ciuno, m'matako, m'nchafu ndi m'miyendo, nthawi zina ndi m'mikono momwe. Amagwira pafupifupi akazi okhaokha. Kawirikawiri amayamba mtsikana akatha msinkhu, kapena pa nthawi ya pakati, kapena pamene mai aleka kusamba, ndipo amayenda m'mtundu. Miyendo yonse iwiri imakula molingana. Mafutawo amathera pa kakolo, pamene pamaoneka ngati pamangidwa lamba, koma phazi silikhudzidwa. Mwendo umawawa ukaugwira, umalemera madzulo, ndipo kungogunda pang'ono pa tebulo khungu labiriwira kale.

Cimene cimawaliza azimai ambiri ndi cakuti akacepetsa kudya, nkhope ndi cifuwa zimaonda koma miyendo ili pomwepo. Anthu amawanena kuti ndi adyera kapena aulesi. Ena amawayamikira kuti ali ndi thupi labwino, osadziwa kuti usiku sagona ndi ululu. Mai wa ku fakitale uja anali atamwa tiyi woondetsa wa mitundumitundu, ndiponso mapiritsi okodzetsa a Lasix amene anali kugula yekha. Mapiritsi amenewa ali ndi nchito yao pa matenda a mtima ndi a impso, koma sacotsa mafuta. Amangocotsa madzi ndi mcere wofunika m'magazi, munthu nayamba cizungulire ndi kukokana kwa minofu.

Ngalande za m'thupi

Kuti timvetse cisamaliro cake, tiyambe tadziwa za njira zina za m'thupi zimene ambiri sitizidziwa. Tonse tidziwa mitsempha ya magazi. Koma magazi akamayenda, madzi ena amatuluka m'timitsempha tating'ono kupita m'minofu kukasiya cakudya, malita angapo tsiku lililonse. Madzi amenewa ayenera kubwerera. Pali timitsempha tina toonda kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene timatola madziwa pamodzi ndi zinyalala ndi tizilombo. Madziwo amachedwa lymph. Panjira amadutsa m'tosefera timene tili m'mphecepece, m'khwapa, m'khosi ndi m'mimba. Mukakhala ndi cilonda kuphazi, mwanabere amatuluka m'mphecepece. Kameneko ndi kosefera kamene kali pa nchito yolimbana ndi tizilombo. Potsiriza madziwo amathiridwanso m'magazi pansi pa khosi.

Anthu a ku Kanyama safunika kuuzidwa cimene cimacitika ngalande zikatsekeka m'nyengo ya mvula. Madzi amaima m'mabwalo, amanunkha, matenda nayamba. M'mwendo ndi cimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti magazi ali ndi mtima wowapopa, pamene lymph alibe pampu yakeyake yaikulu. Amadalira kwambiri minofu: mukaponda pansi katumba amafinya timitsempha tija, madzi nakwera, ndipo mukapuma mozama amakokedwa kupita kucifuwa. Ndico cifukwa cake munthu woimirira malo amodzi tsiku lonse amaweruka miyendo italemera, kusiyana ndi mnzake woyendayenda.

Kutupa sikufanana

Musathamangire kunena kuti muli ndi lipedema. Yesani izi. Dinikizani cala pa msongolo kwa kanthawi. Pakatsala kadzenje, amenewo ndi madzi, ndipo ngati miyendo yonse iwiri ili tero, makamaka ngati mumapuma mobvutika mukagona cagada, tiyenera kupima mtima, impso ndi ciwindi. Mapiritsi ena a BP, monga amlodipine, amatupitsanso akakolo. Mai wapakati akatupa mapazi, manja ndi nkhope, apite ku kiliniki tsiku lomwelo akapimidwe BP. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi ndi kuwawa, angakhale magazi oundana mumtsempha, ndipo zimenezo sizidikira mawa.

Kenaka tsinani khungu la pamwamba pa cala caciwiri ca kuphazi. Ngati likana kutsinika cifukwa lakhuthala, ndiye kuti ngalande zija zaonongeka, ndipo kutupa kotere timakucha lymphoedema. Kawirikawiri kumayamba mwendo umodzi, ndipo phazi ndi zala zimatupa nazo. Kuno kwathu tili ndi zifukwa zingapo. Coyamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timakhala m'timitsempha ta lymph ndi kutiononga. Anzathu a ku Malawi amati mnchecha. Matendawa apezeka m'maboma monga Luangwa, ndipo Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugawa mapiritsi ake m'madera. Ku Malawi, bungwe la WHO linabvomereza mu 2020 kuti matendawa salinso bvuto lalikulu m'dzikomo, ngakhale kuti amene anatupa kale afunikabe cisamaliro. Cifukwa cina ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene timaiona kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV koma sali pa mankhwala. Cinanso ndi cithandizo ca khansa ya m'mawere kapena ya khomo la ciberekero: tosefera tija tikacotsedwa kapena kuotchedwa ndi makina, mkono kapena mwendo ungatupe ngakhale patapita zaka. Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu Lusaka mu 2007, yapulumutsa azimai ambiri, ndipo amenewa ayenera kudziwa zimene ndilemba pano.

Lipedema ikakhalitsa, makamaka munthu akanenepanso thupi lonse, ngalande zimalemedwa ndipo matenda awiriwa amakumana m'mwendo umodzi.

Pano ndinenepo za mphini. Mwendo ukatupa, acibale amati munthu waponda mankhwala, namutengera kokatemera. Ine sinditsutsana ndi cikhulupiriro ca munthu, koma ndaona ndi maso anga zimene lumo limacita pa mwendo umene ngalande zake ndi zofooka. Kacilonda kalikonse ndi khomo la tizilombo, ndipo mwendo ukagwidwa ndi tizilombo kamodzi, timitsempha tina timafa osabwereranso. Kutupa kumaonjezeka.

Opaleshoni yake

Opaleshoni imeneyi amaicha liposuction. Dokotala amaboola timabowo ting'onoting'ono pakhungu, nathira madzi ambiri osakaniza ndi mankhwala ocititsa dzanzi ndi ocepetsa kutaya magazi. Njira yothira madziyi anaifalitsa mu 1987 ndi dokotala wa khungu wa ku America, Jeffrey Klein. Kenaka amalowetsa kapaipi koonda kosathwa kunsonga, kamene kamayamwa mafuta. Kwa wodwala lipedema, kapaipiko kayenera kuyendetsedwa motsata utali wa mwendo, osati mopingasa, kuti timitsempha ta lymph tisadulidwe. Pa cifukwa cimeneci, dokotala wodziwa kukongoletsa mimba sindiye kuti adziwanso lipedema. Mafuta akakhala ambiri sacotsedwa tsiku limodzi. Opaleshoni imagawidwa kawiri, katatu kapena kuposa, motalikirana masabata kapena miyezi.

Odwala ambiri amati ululu ndi kulemera zimacepa, ndipo amayenda bwino. Koma si mankhwala oondetsa, ndiponso sithetseratu matendawa. Ambiri amapitirizabe kubvala masokosi othina. Amene mukuganiza zocitidwa opaleshoniyi muno m'dziko, funsani ngati dokotalayo ali m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, ngati anacitapo odwala lipedema, ndiponso ngati pali pogona usiku woyamba pamene anamwino angakuyang'anireni. Mukakhala ndi ufulu wosankha nthawi, sankhani June kapena July. Kubvala cothina usana ndi usiku m'kutentha kwa October ndi cilango.

Masabata oyamba panyumba

Masiku awiri kapena atatu oyamba, timabowo timatulutsa madzi ofiirira ambiri, mpaka kunyowetsa zofunda. Musacite mantha, ambiri mwa madziwo ndi aja anathiridwa. Yalani pulasitiki ndi citenje coyera, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanasinthe thonje. Kutupa kumakula m'sabata yoyamba, mwendo nuoneka waukulu kuposa kale. Kubiriwira kumatenga masabata awiri kapena atatu. Pambuyo pake minofu imauma, pena pamakhala timibulu, pena dzanzi, pena kuyabwa. Kumeneku ndiko kuuma kumene kunaopsa mai uja. Kumafewa kokha pang'onopang'ono, ndipo maonekedwe enieni a mwendo amadziwika patapita miyezi 6 mpaka 12.

Cobvala cothina ndico mankhwala aakulu. Cimathandiza ngalande zobvulala kukweza madzi, ndiponso cimagwirizitsa khungu ndi mnofu. Kawirikawiri cimabvalidwa usana ndi usiku kwa masabata angapo oyamba, kenaka masana okha, koma tsatirani masiku amene dokotala wanu wanena. Cisapindike kuseri kwa bondo kapena pa kakolo, cifukwa cikapindika cimamanga ngati cingwe. Khalani nazo ziwiri kuti cina cikacapidwa mubvale cinzake, ndipo muyanike pamthunzi. Zala zikazizira, zikacita dzanzi kapena kusintha mtundu, masulani ndi kupita ku cipatala. Pobvula khalani pansi kapena gonani, pakuti ambiri amacita cizungulire nagwa m'bafa.

Wodwalayo asagonekedwe ngati mlendo. Kuyambira tsiku loyamba ayende pang'ono m'nyumba maola awiri alionse masana, wina atamugwira dzanja, ndipo tsiku lililonse aonjezereko. Akagona, miyendo ikhale pamwamba pa mapilo, mwendo wonse osati cidendene cokha, ndipo azigwedeza mapazi kutsogolo ndi kumbuyo monga wopalasa makina osokera. Kuyenda kumeneku kumachinjiriza magazi kuundana, cimene ndi ngozi yaikulu ya opaleshoniyi. Amene mwacitidwa kunja, musakwere basi ya ku Johannesburg m'masiku oyamba. Ulendowo umaposa tsiku lathunthu muli cikhalire. Ngakhale pa ndeke, dokotala ndiye anene tsiku loyenda.

Amwe madzi okwanira, ndipo mcere ucepe m'ndiwo. Magazi amatayika ndithu, conco adye nyemba, kapenta, mazira, ciwindi, bondwe ndi cibwabwa. Fodya aleke. Asamwe aspirin, Brufen kapena mankhwala azitsamba popanda kufunsa dokotala, cifukwa ena amacititsa magazi kusaundana pacilonda. Asakhale m'bafa lodzaza madzi mpaka timabowo titatsekeka.

Kusisita koyenera ndi kosayenera

Pali kusisita kwapadera kothandiza lymph kuyenda. Anakuyambitsa Emil Vodder wa ku Denmark pamodzi ndi mkazi wake Estrid m'zaka za m'ma 1930. Sikufanana ndi kusisita kwathu kwa munthu wobinya, kumene timakanda mpaka wodwala alire. Timitsempha ta lymph tili pansi pa khungu penipeni, ndipo mukadinikiza kwambiri mumatitseka. Dzanja limangokankha khungu pang'ono, mopepuka monga mmene mumasisitira mutu wa khanda, nkulisiya libwerere.

Ndipo simuyambira kuphazi. Wokonza ngalande amayamba kucotsa zinyalala kumene madzi atulukira, ndiye kumabwerera m'mbuyo. Conco mumayamba ndi kupuma mozama kasanu, mimba ikufufuma. Kenaka mumasisita m'mbali mwa khosi kutsikira pansi, kenaka m'mphecepece, kenaka nchafu kukwezera m'mphecepece, kenaka bondo, ndipo msongolo ndi phazi potsiriza, nthawi zonse molozera kumtunda. Mphindi 15 kapena 20 zikwanira, popanda mafuta ambiri oterera, ndipo mukatha bvalani cothina cija nthawi yomweyo. Dokotala wa opaleshoni ndiye anene tsiku loyamba, ndipo ndi bwino kuti wa physiotherapy akuonetseni ndi manja ake. Madipatimenti amenewa alipo ku UTH ndi ku cipatala ca Levy Mwanawasa. Yambirani ku kiliniki kapena cipatala ca kwanu, monga Matero, Kanyama, Chawama kapena Chilenje, kuti akulembereni kalata.

Ndinene zoona: kusisita kumeneku kumacepetsa ululu ndi kuthina, koma sikusungunula mafuta. Pa zitatu izi, cothina, kuyenda ndi kusisita, ngati ndalama zikwanira cimodzi, gulani cothina, pakuti kuyenda ndi kwaulere. Masiku ano m'masaluni ena muli otsatsa kusisita kwa lymph pa Facebook, ndipo ena amafinya mwamphamvu kapena kutsegulanso timabowo kuti madzi atuluke. Zimenezo zikanizeni. Ndiponso musasisite konse ngati mwendo wafiira ndi kutentha, ngati mukukayikira magazi oundana, kapena ngati wodwalayo ali ndi mtima wofooka.

Thamangirani ku cipatala, ngakhale usiku, mukaona izi: kupuma mobanika kapena kuwawa m'cifuwa, katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa kuposa mnzake, thupi kutentha ndi kunjenjemera, kufiira kumene kukufalikira, mafinya kapena fungo pacilonda, ululu umene ukukula m'malo mocepa, magazi enieni osaleka, kukomoka, kapena mkodzo kucepa kwambiri. Tengani pepala la ku cipatala kumene munacitidwa opaleshoni. Amene mucitidwa kunja, musacoke osalandira pepala lonena kuculuka kwa mafuta amene anacotsa ndi mankhwala amene anakupatsani. Ife kuno timabvutika kuthandiza munthu amene wangobwera ndi mabandeji okha.

Kwa amene opaleshoni ili kutali

Tsiku lililonse sambitsani mwendo ndi sopo ndi madzi oyera osatentha, mosakhula. Pukutani bwino, makamaka pakati pa zala ndi m'makwinya, cifukwa pamenepo pakanyowa pamayera ndi kung'ambika. Pakani Vaseline pakhungu louma ndi pa ming'alu ya kucidendene, koma osati pakati pa zala. Musayende opanda nsapato. Kacilonda kakang'ono katsukeni ndi kukaphimba tsiku lomwelo, ndipo mwendo ukatentha ndi kufiira mufunika mankhwala opha tizilombo ocokera ku cipatala, osati Panadol yekha. Gonani m'neti.

Masokosi othina a cipatala amapimidwa pa mwendo wa munthu, makamaka m'mawa kutupa kusanayambe. Mataiti a pa salaula sagwira nchito imeneyi, ndipo bandeji yomangidwa molimba pamalo amodzi imaononga. Amene muli ndi shuga, mtima wofooka, kapena mapazi ozizira a dzanzi, pimitsani coyamba musanabvale cothina ciliconse.

Za kudya, ngakhale mafuta a lipedema samvera njala, kunenepa kwa thupi lonse kumaonjezera katundu pa ngalande ndi pa maondo. Cepetsani zakumwa za shuga, mabanzi ndi zokazinga, ndipo mtanda wa nsima usapose ndiwo.

Amene mumagwira nchito ciimirire m'mafakitale, m'masitolo kapena pa msika, nyamukani pa zala ndi kutsika kakhumi ola lililonse, ndipo pa nthawi ya cakudya khalani pansi miyendo itakwezedwa pa kireti. Majombo a mphira amasunga thukuta, conco tengani masokosi ena osinthira masana ndi kuumitsa majombowo usiku. Mukatsika minibasi, tsikirani siteshoni imodzi m'mbuyo ndi kuyenda pang'ono.

Alongo awiri aja anabweranso sabata yatha. Thuza lija lapola, ngakhale cipsera cidzatsala, ndipo cifukwa ca cilondaco mng'onoyo anakhala masiku ena osabvala cothina pa nchafu imeneyo, motero mwendo umenewo ukali wotupa kuposa unzake. Mkuluyo analeka Lasix, ndipo titamupima mtima, impso ndi shuga tinapeza zonse zili bwino. Tsopano amabvala masokosi othina mkati mwa majombo. Miyendo yake sinacepe, ndipo ndinamuuziratu kuti sidzacepa kwenikweni, koma akuti madzulo amatha kuimirira pa mbaula kuphikira ana. Wandipempha kuti ndidzaonenso mwana wake wamkazi wa zaka 15, amene masiketi a sukulu ayamba kumuthina m'ciuno mokha.

Sabata ya mawa tidzakamba za zilonda za kumapazi kwa odwala shuga.